Kodi kukuwiza mtsogoleri wa dziko pagulu ndi mwano kapena ndi ntchito ya phungu?

Mwale wa ku Jubeki: Anzanga, dzulo kuntchito tinakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro kutha osadya. Mnzanga wina wa Chizulu anatsegula pa foni kanema wakale uja wa pa 21 Ogasiti 2014, pomwe aphungu a EFF, chipani chotsutsa cha ku South Africa chotsogoleredwa ndi a Julius Malema, atavala maovolosi ofiira ndi zipewa zolimba za m'migodi, anayamba kumenya matebulo m'Nyumba ya Malamulo ku Cape Town akukuwa kuti "Pay back the money", bwezani ndalama. A Jacob Zuma, pulezidenti wa nthawiyo, ali chiimire pomwepo, sipikala mayi Baleka Mbete akuyesa kuwakhalitsa chete koma osamveka, mpaka nkhumano inaimitsidwa. Iye akuti tsiku limenelo ndi lomwe dziko lawo linakula. Ine ndinati ayi, zimenezo kwathu ndi kusaleredwa. Tsopano ndagona nazo ndipo mtima wanga wagawanika. Inu mukuti bwanji?

Mayi Nabanda: A Mwale, mtima wanu usagawanike, munayankha bwino poyamba paja. Munthu wamkulu, woti ndi agogo ako, sungamulozere chala pamaso pa dziko lonse ngati ukuthamangitsa nkhuku pa mphale. Ndaphunzitsa zaka 31 ndipo ana amatengera zomwe akuona. Phungu akakuwiza pulezidenti pa TV, mawa mwana wa Sitandade 7 akuwiza ahedi.

Gondwe wa ku Mzuzu: Amayi, ahediwo akadya ndalama za chitukuko cha sukulu, mwanayo azingoombera m'manja?

Mayi Nabanda: Pali komiti ya sukulu, a Gondwe. Pali a PEA. Njira zilipo.

Mwale wa ku Jubeki: Apo ndiye pomwe mnzanga uja anandigwira pakhosi. Akuti njira zinatsatidwa kale. Mayi Thuli Madonsela, amene anali Public Protector, mkulu wofufuza madandaulo okhudza boma, anatulutsa lipoti mu Malichi 2014 loti pa ndalama pafupifupi R246 miliyoni zimene boma linawononga pa nyumba ya a Zuma ku Nkandla, zina sizinali za chitetezo ayi: dziwe losambiramo, khola la ng'ombe, khola la nkhuku, bwalo la zisudzo. Anati a Zuma abweze gawo. Miyezi inapita, ziii. Pambuyo pake, mu 2015, nduna ya apolisi inafika ponena kuti dziwelo ndi lozimitsira moto, mpaka kuonetsa atolankhani kanema wa anthu akupopa madzi ndi mapaipi kkkk. Ndiye aphungu 25 okha pa 400 akanatani?

Che Jafali: Dziwe lozimitsira moto! Inenso ndikamange langa kuno ku Mangochi, ndiwauze a khonsolo kuti ndi la ozimitsa moto.

Mayi Nabanda: Chabwino, koma ndalamazo zinabwezedwa chifukwa cha phokosolo? Ine ndikukumbuka kuti linagamula ndi khoti.

Mwale wa ku Jubeki: Zoona amayi. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa 31 Malichi 2016, ndipo a Zuma anabweza R7.8 miliyoni chaka chomwecho. Koma amene anatengera nkhaniyo kukhotiko ndi a EFF omwewo pamodzi ndi a DA, chipani china chotsutsa.

Mayi Nabanda: Ndiye mwandivomereza. Zinagwira ntchito ndi zikalata za maloya, osati kumenya matebulo.

Gondwe wa ku Mzuzu: Popanda kumenya matebulo nkhaniyo ikanafera m'kabati. Anthu wamba lipoti la masamba mazanamazana sawerenga, koma mawu anayi aja anafika mpaka m'maminibasi.

Agogo a Tadala: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, magalasi anga akundivuta, mundipirire ndilembe pang'onopang'ono.

A Nabanda, mwana wanga, zimene mukunenazo ndimazilemekeza, ndipo ine ndinaleredwa momwemo. Koma liwu loti "ulemu" ine limandiopsa likatuluka pakamwa pa munthu wa mpando. Ndinali mnyamata wa sukulu ku Zomba mu 1964. Tinalandira ufulu pa 6 Julayi, ndipo isanathe miyezi itatu nduna zinasemphana ndi a Kamuzu. Nduna zija sizinakwere pa nsanja kukawatukwana. Zinakamba nawo m'chipinda, pa nkhumano ya nduna, monga momwe mwambo umanenera kuti mfumu idzudzulidwe kuseri. Madandaulo awo anali omveka: tiki imene inayamba kulipiritsidwa m'zipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso kuwatchula pagulu kuti "anyamata anga" pomwe anali abambo a mabanja ndi ophunzira. Mu Sepitembala a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula okha maudindo, a Masauko Chipembere nawonso atabwerako ku Canada anatula. Chinatsatira mukuchidziwa. A Chisiza anaphedwa mu 1967, a Chipembere anafera ku America mu 1975, a Chirwa anafera kundende ya Zomba mu 1992.

Pambuyo pake tinaloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu okoma onsewo, palibe loipa. Koma ine ndinagwira ntchito m'boma zaka zimenezo, ndipo ndinaona momwe "kusunga mwambo" kunkatanthauzira. Ofesi yathu inali ndi chithunzi cha Ngwazi pakhoma, ndipo panalibe chololedwa kupachikidwa pamwamba pake, ngakhale wotchi. Tsiku lina mesenjala wathu, mkulu wofatsa kwambiri, akupukuta fumbi chithunzicho chinamupulumuka n'kusweka galasi. Tinatseka chitseko, tonse anayi amene tinali mmenemo, tinasonkha ndalama, mmodzi anathamangira kutauni kukadulitsa galasi lina atalikulunga m'nyuzipepala. Palibe anaseka. Mkuluyo manja ankanjenjemera mpaka madzulo. Uwo sunali ulemu ana anga, anali mantha ovala jekete.

Che Jafali: Agogo, apa ndiye mwatikhazika pansi.

Mayi Nabanda: Agogo, sindikukana. Ifenso tinavina nawo pa sitediyamu, tikudziwa. Koma kodi mankhwala a mantha ndi mwano? Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inalibe dzina la munthu wotukwanidwa. Inalembedwa mwaulemu, inawerengedwa m'matchalitchi mwakachetechete, ndipo inagwedeza dziko kuposa kukuwa kulikonse. Chaka chotsatira tinali pa mzere wa referendamu.

Agogo a Tadala: Mwanena zoona. Koma kumbukiraninso kuti kalata yaulemuyo boma linaitcha youkira, maepiskopi anaitanidwa ku polisi, ndipo a John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Wa mpando akafuna kukwiya safunsa ngati mwagwada kapena mwaimirira.

Gondwe wa ku Mzuzu: Poti mwatchula kwathu, ndikumbutseni malemu Episkopi Joseph Zuza. Ogasiti 2011, patangopita milungu yochepa kuchokera pa zionetsero za 20 Julayi zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20. Mapemphero a dziko ku Blantyre, a Bingu ali pampando wakutsogolo. Episkopi sanatchule dzina la munthu. Anangoti munthu wodziyesa wodziwa zonse, wosafuna kumva za anzake, kwathu timamutcha chindere chakufikapo. Sanakweze mawu, sanaloze chala. Tsopano a Nabanda, uwo unali ulemu kapena mwano?

Mayi Nabanda: Uwo unali mwambi. Wovala nsapatoyo ndiye anadziwa pomwe ikuthina.

Gondwe wa ku Mzuzu: Kkkk ndiye vuto lanu si kudzudzula pagulu, ndi kadzudzulidwe.

Mayi Nabanda: Kuyambira mmawa ndikunena zimenezo, inu ndiye simumamva.

Nankhoma wa ku Leeds: Pepani ndachedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Ndikufuna ndiponyepo za kuno, chifukwa anthu kwathu amaganiza kuti Angerezi m'Nyumba ya Malamulo amakhala ngati ali pa misa. Lachitatu lililonse Nyumba ikamakumana nduna yaikulu imaima kuyankha mafunso, ndipo phokoso lake ngati msika wa Lizulu tsiku la msika. Amanyozana, amaseka, amawowoza. Koma pali mzere umodzi wodabwitsa: sungatchule phungu mnzako kuti wabodza. Mu Julayi 2021 phungu wina wa Labour, mayi Dawn Butler, anaima n'kunena kuti a Boris Johnson, nduna yaikulu ya nthawiyo, ananamiza Nyumbayo mobwerezabwereza. Anauzidwa kuti abweze mawuwo, anakana, anatulutsidwa tsiku lonselo. Patapita zaka ziwiri, mu Juni 2023, komiti ya Nyumba yomweyo inapeza kuti a Johnson anasocheretsadi aphungu mwadala pa nkhani ya maphwando a nthawi ya Covid. Ndiye taonani: wonena zoona anatulutsidwa tsiku lomwelo, wonama anakhala pampando wake bwinobwino kwa chaka china. Lamulo la ulemu linateteza ndani pamenepo?

Che Jafali: Linateteza mipando kuti isathyoledwe kkkk.

Nankhoma wa ku Leeds: Mukuseka koma muli ndi mfundo, Che Jafali. Amati lamulolo analiika kuti mkangano usasanduke ndewu. Ine ndimalimvetsa. Chimene chimandinyansa n'choti chilango cha mwano chimabwera msanga, cha bodza chimabwera pa njinga yopanda tcheni.

Phiri wa ku Chipata: Abale a ku Malawi, lekani nane ndiikepo za kwathu. Mu Epulo 2017 a Hakainde Hichilema, ali otsutsa, ankapita ku mwambo wa Kuomboka ku Mongu. Galimoto zawo sizinapatuke kuti mdipiti wa a Edgar Lungu udutse. Ambiri, ngakhale ena owakonda, anati apa sanachite bwino, pulezidenti amapatsidwa njira. Koma mlandu umene anawapatsa unali woukira boma, mlandu woti nthawi imeneyo chilango chake chinkatha kukhala imfa. Anakhala m'ndende masiku 127, mpaka ku Mukobeko ku Kabwe, mlanduwo n'kudzathetsedwa mu Ogasiti. Kusapatuka pamsewu! Mu 2021 munthu yemweyo anawina chisankho, ndipo mu Disembala 2022 anasaina kuchotsa lamulo lija loti kunyoza pulezidenti ndi mlandu.

Gondwe wa ku Mzuzu: Ndiye kwanuko tsopano mukutukwana mwaufulu?

Phiri wa ku Chipata: Aaa, musandiike m'mavuto a Gondwe. Malamulo ndi ambiri, akatseka khomo ili lina limakhala lotsegula. Ndingoti aliyense amakonda ufulu wolankhula akakhala kunja kwa State House.

Mwale wa ku Jubeki: Mfundo imeneyo ndi imene ikundisowetsa mtendere. A Malema omwewo kale anali patsogolo kuteteza a Zuma, pomwe ankatsogolera achinyamata a ANC, chipani cha a Zuma. Atachotsedwa m'chipani mu 2012 ndi pomwe maso anatseguka. Ndiye kukuwa kuja kunali kukonda dziko kapena kubweza chipongwe?

Agogo a Tadala: Zikhoza kukhala zonse ziwiri, mwana wanga. Wakuba akakuuza kuti nyumba yako ikupsa, thamanga kaye ndi ndowa, za khalidwe lake mukambirana moto utazima.

Mayi Nabanda: Koma pali china chimene amuna inu simukuchiona. Mwano wa ndale ukamasulidwa, oyamba kulasidwa ndi amayi. Mayi Joyce Banda atasemphana ndi a Bingu n'kuchotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, anali adakali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, wosankhidwa ndi anthu. Kodi mwaiwala zomwe zinkalankhulidwa pa misonkhano ndi pa wailesi ya boma? Mpaka kuwanena kuti ndi wogulitsa mandasi, ngati kuti kugulitsa mandasi ndi tchimo, pomwe theka la ife tinaphunzira ndi ndalama za mandasi. Apo mwano sunachokere kwa otsutsa kupita kumwamba, unachokera kumwamba kutsika. Ndiye ndikamati ulemu, sindikunena kuti wamng'ono yekha ndiye agwade. Ndikunena onse.

Nankhoma wa ku Leeds: Apa amayi ndili nanu ndi manja awiri. Ndipo mu Epulo 2012 wogulitsa mandasi uja analumbira kukhala pulezidenti, ena mwa omunyoza aja n'kuyamba kupanga mzere wokapepesa.

Che Jafali: Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Gondwe wa ku Mzuzu: Vuto n'loti kwathu kuno pulezidenti timamuyesa bambo. Bambo sumuyankha. Koma bambo ako sunawasankhe, ndipo sulipira msonkho kuti alandire malipiro. Pulezidenti ndi wantchito amene tinamulemba kwa zaka zisanu. Phungu amene ndinamuvotera akamaopa kumufunsa funso lolimba chifukwa cha "ulemu", ndiye kuti akulemekeza bwana wolakwika. Bwana wake ndine.

Mayi Nabanda: Wantchito wanu wapakhomo mumamukalipira pamaso pa alendo?

Gondwe wa ku Mzuzu: Akagulitsa mbuzi zanga n'kumakana, alendowo akhala mboni.

Che Jafali: Lekani ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso, chifukwa nkhani za mayiko akunja zandikwana. Kwathu kumudzi kunali msonkhano wa chitukuko pansi pa mtengo wa mango, a gulupu ali pampando wawo, phungu wa dera ali pambali, ife pamphasa. Nkhani inali ya mlatho umene ndalama zake zinatuluka koma pamalopo pali milu iwiri ya miyala basi. Mnyamata wina wa ku koleji anadzuka, manja m'thumba, n'kuyamba: inu ndinu akuba, mwadya ndalama. Zonse zimene ankanena zinali zoona, aliyense ankadziwa. Koma nthawi yomweyo nkhani inatembenuka. Anyamata a phungu anadzuka, akuluakulu anayamba kufunsana kuti mwana wa ndani ameneyu, a gulupu anati apepese kaye. Theka la ola linathera pa manja a m'thumba aja, mlatho osautchulanso.

Kenako gogo wina wamkazi, wa ndodo, anapempha mwayi. Anagwada, anaomba m'manja katatu, anayamika a gulupu, anayamika olemekezeka chifukwa chobwera ngakhale msewu ndi woipa. Ndiye anati: ine maso anga ndi okalamba, mwina mlathowo ulipo koma sindikuuona, ndiye ndimati olemekezeka andigwire dzanja tikawolokere limodzi, chifukwa mdzukulu wanga anabadwira kutsidya kuno mvula itatseka njira ya kuchipatala. Bwalo lonse linangoti zii, kenako amayi anayamba nthungululu. Phungu uja thukuta kamukamu, mpango wosakwanira. Analibe poti n'kugwira, chifukwa panalibe mwano woti akwiyire.

Mwale wa ku Jubeki: Mlathowo unamangidwa?

Che Jafali: Ayi ndithu kkkk. Koma pa chisankho chotsatira anagwa moti ngakhale pa senta ya kwawo sanawine.

Gondwe wa ku Mzuzu: Ndiye gogoyo anapambana mkangano, mtsinje n'kukhalabe wopanda mlatho.

Che Jafali: Mnyamata uja nayenso sanaumange.

Agogo a Tadala: Nkhani ya Che Jafali yandikumbutsa kuti makolo athu sanali anthu ongokhala chete ayi. Amayi ankaimba pamtondo, mudzi wonse n'kumva kuti akunena ndani. Gule akatuluka ankatha kuseka ngakhale mfumu. Nduna za mfumu zinali ndi ufulu wobweza chigamulo chokhota. Ndipo mfumu inkauzidwa tsiku lolongedwa kuti mfumu ndi dzala, zinyalala zonse za mudzi zimatayidwa pa iwe, usamakwiye msanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mbali imeneyi ya mwambo andale athu saitchula. Amangokumbukira mbali yoti ife tigwade.

Nankhoma wa ku Leeds: Komanso agogo, masiku ano mwano uli ndi msika. Ku America mu Sepitembala 2009, a Obama akulankhula ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, za ndondomeko ya zaumoyo, phungu wina wa ku South Carolina, Joe Wilson, anakuwa kuti "You lie", mukunama. Anapepesa usiku womwewo, Nyumba inamudzudzula, koma m'masiku ochepa ndalama za kampeni zinamugwera ngati mvula, womupikisana naye nayenso chimodzimodzi. Mu 2020 mayi Nancy Pelosi, sipikala wa nthawiyo, anang'amba pepala la zolankhula za a Trump kumbuyo kwawo, makamera akujambula. Amene anakwiya ndi Wilson anaombera m'manja a Pelosi, amene anaombera Wilson anakwiya ndi a Pelosi. Anthu omwewo! Ndiye ndikamamva munthu akudandaula za ulemu, ndimayamba ndafunsa kuti wanyozedwayo ndi wa chipani chanji.

Phiri wa ku Chipata: Apo mwalasa. Ngakhale m'gulu lino, tikanati tisinthe maina a anthu m'nkhanizi, ena akanasintha mbali.

Mayi Nabanda: Ine ayi. Ndinadandaula pomwe ankanyozedwa a Muluzi, a Bingu, mayi Banda, a Peter ndi a Chakwera. Pa mwambo wa maliro a malemu a Chilima ku sitediyamu ya Bingu mu Juni 2024, anthu atayamba kuwowoza mtsogoleri wa dziko akulankhula, ine ndinazimitsa TV. Mkwiyo wa anthu ndinkaumvetsa, nanenso ndinalira. Koma pamaliro, bokosi lili pomwepo, mkazi wamasiye ali pomwepo?

Gondwe wa ku Mzuzu: Aja sanali andale amayi, anali anthu wamba osweka mtima. Ndipo ndi kuti kwina kumene munthu wamba amakumana ndi pulezidenti maso ndi maso? Pamsewu amatipatutsa ola lathunthu mdipiti usanafike.

Mayi Nabanda: Pamenepo sitigwirizana, a Gondwe, ndipo sindisintha.

Mwale wa ku Jubeki: Ine funso langa lija ndikuona ngati ndinalifunsa molakwika. Mnzanga wa Chizulu uja ndikamuuza za gogo wa ku Mangochi. Koma ndikudziwa chimene akayankhe: gogoyo analoledwa kulankhula. A EFF aja pa 12 Febuluwale 2015, atafunsanso za ndalama zija a Zuma akuyamba kulankhula ku mtundu wawo, anatulutsidwa ndi amuna ovala malaya oyera, makofi ndi zipewa zikuuluka, netiweki ya mafoni itayamba yatsekedwa m'Nyumbamo. Ndiye iye akati wopanda ulemu anali ndani usiku umenewo, ndikamuyankha chiyani?

Agogo a Tadala: Mukamuuze kuti agule nkhomaliro, funso lake ndi lokwera mtengo.

Gondwe wa ku Mzuzu: Kkkkk. Koma poti tayamba kale, ine ndinene mosabisa za akuluakulu ena amene ali m'mipando panopa, chifukwa

*Uthenga uwu wafufutidwa*

Admin: A Gondwe, ndachotsa ndine. Aphungu athu anachotsadi mlandu wa sedition, wolankhula mawu outsira anthu kudana ndi boma, mu Novembala 2022, koma lamulo la za pa intaneti la 2016 lija likadalipo, ndipo chaka chomwecho cha 2022 munthu anagonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba pa gulu la WhatsApp ngati lino. Muno tilimo anthu 143, ena sitinaonanepo nkhope. Akadzabwera a polisi adzayamba ndi nambala yanga.

Gondwe wa ku Mzuzu: Ndinalemba mwaulemu zedi, ndinayamba ndi "Olemekezeka".

Admin: Ndinaona. Vuto linali mawu otsatirawo.

Che Jafali: A Gondwe, nditumizireni kuseri, ine sindinawerenge.